Baji Yanga ndi Diso la Alamu

Etobicoke, Canada
21 Julayi, 2024

Okondedwa Achemwali a Vainess,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana ku Liwondeko. Mudabwa kuti mlesi ngati ine ndagwira cholembera pamene foni ilipo. Ndayesa katatu kukuimbirani, koma katatu konse ndadula isanaitane.

Amuna anu, alamu a Bester, anakuuzani pafoni kuti anagwa pamasitepe kuno. Sanagwe, achemwali. Ndinawamenya ndine.

Mukudziwa kuti kupatula ntchito yanga yonyamula katundu pafupi ndi bwalo la ndege, kumathero a sabata ndimakhala ku usilikali, m'gulu la oombera mizinga. Ife tilibe mbendera ngati magulu ena. Ulemu wathu ndi mzingawo, ndipo chithunzi chake chili pa baji yachitsulo imene timavala pachipewa. Bajiyo sapatsa munthu tsiku lolowa. Ine ndinadikira chaka ndi miyezi, ndikukwawa m'matope ndi m'chipale. Tsiku limene ndinakoka chingwe choombera mzinga koyamba, nthaka inadumpha, mano anagundana, magazi anatuluka m'mphuno, ndipo phiri la mchenga kutsogolo kwathu linang'ambika. Kenako sajeni wathu anaponya baji m'chibekete chamkuwa cha bomba limene ndinaomberalo, chidakali chamoto, n'kundiuza kuti ndipisemo dzanja. Ndinapsa zala ziwiri, koma ndinalira ndi chimwemwe. M'gulu lathu chipewa cha mnzako sugwira, ndipo baji siigunda pansi. Wina anagwetsa yake, anamuthamangitsa atasenza bomba mpaka anasanza.

Pa 6 Julayi Amalawi tinakumana pa paki ina ku North York kukondwerera ufulu. Ine ndinachokera ku maphunziro a usilikali, ndinasinthira zovala m'galimoto, chipewa n'kuchisiya pampando. Anyamata a ku Mangochi anabweretsa ng'oma kuti tivine beni. Mukuwadziwa amuna anu ng'oma ya beni ikalira, miyendo yawo sifunsa mutu. Anapempha makiyi kuti akatenge mandasi m'galimoto, ndipo pobwera anatulukira atavala chipewa changa chopendekera kukhutu, pachifuwa atamata zitsekerero za mabotolo ngati mamendulo.

Anthu anafa nacho chiseko. Alamu akuguba, akugwedeza mapewa, akundichitira sawasha ndi dzanja lamanzere.

Ndinati, “Alamu, vulani chipewacho.”

“Relax, a Davies,” anatero. “Beni wopanda chipewa munamuona kuti? Lero kaputeni ndine, inu mukhale pamzere!”

“Sindikuseka. Mundipatse.”

“Aaa, mwayamba kupanika? Nachi, chiwakheni!”

Anachiponya m'mwamba. Chinagwera pafumbi, baji pansi, ndipo wovina wina anachiponda osadziwa.

Ndikudziwa, chinali chilamu chabe. Kwathu mlamu amakulanda ngakhale nsapato, iwe n'kumangoseka. Koma panthawiyo mutu wanga sunali kwathu. Ndinatola chipewacho, ndinachifumbata m'dzanja lamanja, ndipo ndi dzanja lomwelo ndinawamenya kumaso. Baji inali kunja kwa chibakera. Anagwa chagada, ine ndinawakhalira pachifuwa n'kumenyanso, kachiwiri, kachitatu, mwina kupitirira. Ng'oma zinasiya. Amayi ena ankakuwa kuti ndikupha munthu. Salim, mnzathu wa ku Markham, ndi amene anandikoka pakhosi mpaka mpweya unandithera. Nditayang'ana pansi, nkhope ya alamu inali magazi okhaokha, ndipo diso lamanzere silinkaoneka kuti lili pati.

Diso limenelo silidzaonanso. Madokotala ayesa kawiri. Alamu anakuuzani kuti likuchira poopa kuti BP yanu ingakwere.

Ku chipatala kunabwera wapolisi. Ndinaimirira pakhomo ndikudziwa kuti akangotchula dzina langa, usilikali wanga wathera pomwepo. Alamu, bandeji kumutu konse, anati anagwa okha akuvina. Wapolisi anafunsa kawiri, iwo osasintha. Anthu onse a papaki paja nawonso anatseka pakamwa.

Apa ndiye pamene pakundichititsa manyazi kwambiri. Wapolisi atatuluka, chimene ndinayamba kumva si chisoni ayi. Ndinasangalala kuti baji yanga yapulumuka. Munthu amene anakandilandira ku bwalo la ndege, amene anandigoneka pabalaza pake miyezi isanu ndi itatu, ali gone ndi diso limodzi, ine ndikuganiza za kachitsulo.

Lachinayi ndinapita kukawaona kunyumba. Ndinagwada. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

“Dzukani, alamu,” anatero. “Ine sindikakurepotani kulikonse. Koma kunamiza mkazi wanga ndatopa nako. Mumuuze nokha mlongo wanu. Chimene anene iyeyo, ndi chomwecho.”

Ndiye ndakuuzani. Mukanena kuti ndipite ndikaulule kupolisi ndi kwa akuluakulu anga, ndipita, ngakhale ndikudziwa kuti adzandichotsa. Sindikunamizani kuti sindikuufunanso usilikali. Ndikuufuna mpaka pano, ndipo n'chifukwa chake sindingadziweruze ndekha.

Kolimba kamene mwakapeza m'kansalu m'envelopu muno ndi baji ija. Wilo la mzinga lapindika, ndipo sindinaitsuke. Ina ndikhoza kugula kusitolo ya asilikali mawa lomwe, palibe angadziwe, koma sindigula. Ndapempha tchuthi mpaka ndimve kwa inu. Mukaibweza ndidzavala. Mukaisunga kapena kuitaya mu Shire, ndidzadziwa yankho.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze ndinu mukaona kuti angaipirire. Moni kwa Given ndi Juliet. Juliet anandipempha chithunzi nditavala yunifolomu kuti akaonetse anzake kusukulu. Mumuuze kuti amalume alibe chithunzi chabwino pakali pano.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe kutero,

Davies