Makoma Amene Anapenta Bambo

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Balaka. Galimoto yobwereka kwa mlongo wanga Ganizani, yopanda honi. Mtengo wa mafuta, ndangotsinzina.

Patha chaka bambo osanditchula dzina. Amati "amayi inu", ngati ndabwera kudzawagulitsa tomato. Adokotala akuti malo akale nthawi zina amadzutsa mutu. Ndiye tikuzungulira makoma amene ankapenta kuyambira ali mnyamata, nthawi ya atsamunda. Ndikufuna chimodzi basi: anene kuti Emmie.

Pasiteshoni ya sitima akanda khoma ndi chikhadabo mpaka penti wachikasu waoneka pansi. "Wanga uyu." Penti amukumbuka.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Mashopu akale a amwenye. Makonde a zipilala zonenepa, malata adzimbiri, mkati anyamata akugulitsa mafoni. Bambo atchula eni ake akale onse, mpaka galu amene anawaluma.

Pa Liwonde ndawagulira chambo. Adya, asamba m'manja, kenako: "Mulungu akudalitseni, amayi, ndinu mlendo wachifundo." Mlendo amene amawasambitsa tsiku ndi tsiku. Ndalira kuseri kwa galimoto. Munthu wamkulu ine, kuchitira nsanje khoma.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Pa boma la Machinga, bambo akuti Kasupe, dzina lakale, anakana kukwera galimoto ya munthu wosamudziwa. Ndinawakalipira anthu akuona. Anandipepesa ndi iwo. Zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri.

Mawa tifike ku Ntaja, tibwerere. Ndatopa.

Loweruka, 16 Ogasiti

Kupitirira Ntaja pang'ono, kachipatala kakale ka mishoni. Masiku ano amasungiramo chimanga. Sindinaganize zoima, iwo ndi amene anandigwira mkono.

Chipinda chakumapeto sanakande. Anangoika chikhatho pakhoma, phee. Akuti anachipaka njereza ulele mkazi wawo atatsala pang'ono kuchira, kuti mwana akatsegula maso aone poyera.

"Dzina lake Emmie. Sachedwa kupsa mtima, koma ndi mwana wabwino. Masiku ano sabwera. Mukakamuona, amayi, mukamuuze kuti ndamusowa."

Dzina ndalimva. Si mmene ndinkafunira, koma ndalimva.

Ndinati ndikamuuza.

Pano agona pampando wakutsogolo, pakamwa yasa, njereza ikadali kuchikhatho. Sindinawapukute.