Poyera Pamene Ismael Ankaletsa Kugwira

New York
February 1964

Okondedwa Amayi,

Ndidalitseni, Amayi. Muli bwanji kumeneko? Miyendo ija ikutupabe? Ine ndi mdzukulu wanu Nilda m'thupi tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikulemba mothamanga, mukhululuke zilembo zokhotazi.

Ismael wasowa. Anatuluka Lolemba m'mawa ndipo mpaka lero sanabwere.

Ndiyambe poyambira. Mukudziwa kuti mwamuna wangayu amagwira ntchito kosindikiza zithunzi. Ojambula amajambula pa mwala wosalala, iye n'kunyowetsa mwalawo, kupaka inki, kuyala pepala n'kulipanikiza pa makina. Kwa chaka chathunthu wakhala akusindikiza za mzimayi wina, Mayi Vansky. Zithunzi zawo si za anthu kapena nyumba ayi. Amaima pamwalapo m'mawa wonse, ndudu ili kukamwa, kenako n'kukoka dzanja kamodzi kokha, mzere umodzi wokhota, basi atha. Mzerewo umatuluka wofiira ngati khofi wakupsa wa kwathu, kwina konseko pepala lili mbee.

Poyamba Ismael ankaseka, amvekere nkhuku yoponda m'matope ingajambule bwino kuposa apa. Mayi aja anamumva. Akuti anamuyankha kuti abwere nayo nkhukuyo ailembe ntchito, iwowo akapume. Koma pang'onopang'ono Ismael anasintha. Anayamba kunena kuti chovuta si mzerewo ayi, ndi poyerapo, pakangokhudza chala chimodzi pepala lonse latayika. Ankasamba m'manja ngati wansembe. Ine ndinkamunena kuti mapepala amawagwira mwaulemu kuposa mkazi wake, iye amvekere, iwe Luz, mapepala sayankha.

Mwezi watha pepala lina linatsetsereka makina akuyenda, ngodya yake yoyera ikulowera pamene pali girisi. Wina aliyense akanangolisiya. Iye analowetsa dzanja. Pepala analipulumutsa, koma zala zitatu za kumanja anakazidula kuchipatala. Anandiletsa kukulemberani, ankati mungadwale nazo.

Zithunzi zotsalazo anamaliza kusindikiza mnzake wa kuntchito, Gaetano. Mwambo wawo ndi woti wosindikiza amapatsidwa chithunzi chimodzi. Mayi Vansky anabwera nacho okha kunyumba kuno, anakwera masitepe onse aja akulira. Anati popanda Ismael sichikanatuluka. Ndinachipachika pakhoma, ndipo kuyambira pamenepo ankangokhala n'kumachiyang'ana. Mpunga ndi nyemba osakhudza. Ankatsegula pakamwa pokhapokha Nilda akakwera pampando kufuna kugwira poyera paja, amvekere tsika mwana iwe, pamenepo sagwira.

Akatha kusindikiza, mwala amaupala ndi mchenga ndi madzi kuti chithunzi chifufutike, wina adzajambulepo. Gaetano wandiuza kuti Lolembalo Ismael anafika kuntchito n'kupempha kuti mwala wa chithunzi chija aupale yekha. Akuti anamuuza kuti wapenga iwe, bwerera ukagone, koma sanamve. Anapala ndi dzanja lamanzere mpaka mzere wonse unatha. Anautsuka, anati tsopano payera ponse, n'kutuluka. Jekete analisiya pamsomali, Amayi, kunja kuli chisanu chotere.

Ndapita kupolisi ndi kuzipatala, Mayi Vansky akundimasulira Chingerezi. Kulibe. Kumtsinje ndikuopa ngakhale kuyang'anako. Wina akamakwera masitepe ndimaimirira, koma amapitirira pamwamba.

Chondilimbitsa mtima n'chimodzi. Ali kuchipatala ananena kuti khofi munthu amathyola ngakhale ndi zala ziwiri. Mwina wabwerera kwathu. Chonde Amayi, mukangowerenga kalatayi mukwere kumudzi wa Coabey kwa apongozi anga, Doña Providencia, mukaone ngati wafika. Miyendo ikakana mutume achemwali Socorro. Za jekete musawauze apongoziwo, mtima wawo mukuudziwa. Mukamupeza musamukalipire. Mungomuuza kuti ine sindinakwatiwe ndi zala. Kenako munditumizire telegalamu, ngakhale liwu limodzi lokha, kaya alipo kaya palibe.

Dzulo Nilda anakweranso pampando, m'manja muli msuzi wa nyemba wokhawokha. Ndinamuona ndithu koma sindinamuletse. Tsopano pakati pa poyera paja pali tizala take tonse tisanu. Sindipukuta. Abwere adzandikalipire, Amayi, ndidzangokhala chete.

Mundiperekere moni kwa Atate, kwa achemwali Socorro ndi alamu anga, ndi kwa amalume Moncho. Lamlungu mukamuyatsire Ismael kandulo kutchalitchi.

Ndine mwana wanu amene akudikira,
Luz Delia