Buku la Maina ndi Nandolo wa Elube

Amayi anga, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Lero akwana masiku mazana anayi ndi makumi awiri kuyambira tsiku lija tinakuikani. Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Enelesi wabereka mwana wamwamuna, wachitatu tsopano. Nandolo takolola madengu khumi ndi limodzi, chimanga chokha ndicho chinatikana.

Nkhani yaikulu ndi ya msonkhano wanu wa Lachitatu. Ndimakumbukirabe mmene munauyambira chaka cha chimfine chachikulu, amayi oferedwa atangoti phee m'malaini a esiteti, ena osadya, ena osasamba. Munawaitanira pansi pa mbawa kuti azisenda nandolo pamodzi. Munkati, "Manja akatanganidwa, pakamwa pamamasuka." Ngakhale tsikulo munalipeza mwanzeru, a Sabata atakana Loweruka, ife titakana Lamulungu.

Inu mutapita anandisiyira ine. Si ntchito yapafupi. Tiyi akaphukira, kapitao amawasunga amayiwa kusikelo yoyezera tiyi mpaka dzuwa kupendeka. A Nabanda nawo amalankhula ngati mvula ya pa malata, anzawo osapeza mpata. Choncho ndinati ndikonze zinthu monga anandiphunzitsira ku mishoni. Ndinatenga buku, kujambula mizere ndi rula, n'kumaitana maina.

Tinali khumi ndi anayi. Lachitatu lotsatira, asanu ndi anayi. Kenako asanu okha. Alomwe onse anasiya kubwera, pamodzi ndi Elube.

Elube simumudziwa. Ndi mtsikana wothyola tiyi. Mwana wake woyamba anamwalirira kumsana iye ali m'munda, ndipo anazindikira atafika kusikelo. Chichitikireni zimenezo sanalankhulepo. Kawiri anamupeza ataima pamwala wa kumtsinje, pamene madzi amazungulira paja. Pansi pa mbawa pokha ndi pamene ankadya kanthu. Ndiye ine ndi rula wanga ndinamuthamangitsa.

Chifukwa chake anandiuza ndi a Mariya, anzanu ofwenthera nawo fodya aja, titakumana panjira ya kuchitsime. Anati, "Aphunzitsi, ife buku timalidziwa. Kwa Apwitikizi linatilemba, tinathawa. Kuno kuli la msonkho, la thangata, la kapitao. Nanga lanuli lidzatitumiza kuti? Mayi anu sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma munthu akajomba ankafika pakhomo pake dzuwa lisanalowe."

Amayi, manyazi anandigwira. Ndinang'amba masamba atatu olembedwa aja n'kuwapatsa. Anawatembenuza, nati, "Pepala la mishoni n'lofewa. Bambo akunyumba apichiramo fodya."

A Mariya omwewo ndi amene anati tisadikire Elube, timutsatire. Tinakakhala pabwalo pake asanu ndi awiri, n'kumasenda nandolo wake amene anali atayamba kufumbwa. Iye sanatuluke. Palibe anamuitana. Ulendo wachiwiri tinali khumi ndi mmodzi, ndipo Elube anakhala pakhomo, nkhope kukhoma. Tsiku limenelo a Nabanda anatchula mwana wawo Yohane, amene anapita kunkhondo ndi atengatenga, onyamula katundu wa asilikali aja, osabwerako. Zaka zonsezi anatiuza za aliyense, koma za iyeyo ayi. Ananena pang'ono chabe.

Ulendo wachitatu Elube anatenga lichero m'manja mwa a Mariya, nati tikusakaniza wabwino ndi wofumbwa. Atasankha kanthawi anayamba kulankhula m'Chilomwe, maso ali pa lichero. Analankhula mpaka dengu linatha. Ine ndinamvapo mawu anayi okha, limodzi linali dzina la mwanayo. Sindinafunse kuti andimasulire. A Nabanda, amene Chilomwe sachimva n'komwe, anangomugwira phazi osatsegula pakamwa. Amayi amenewa ndimawagomera. Pambuyo pake Elube anadya mbatata ziwiri.

Sindikuti wachira. Kumtsinje amapitabe ndi womuperekeza, ndipo tagawana masiku. Koma watipempha kuti Lachitatu likudzali timuperekeze kumanda, pakuti pamene anagona mwana wake sanapaonepo. Ali mzere umodzi ndi inu, wachisanu ndi chimodzi kuchokera pa mtengo wa mkuyu.

Dzina lake ndi Yosefe, wa miyezi isanu ndi iwiri. Mukamuona kumeneko akulira, mumubereke. Mayi ake ndikukulonjezani kuti sitiwasiya okha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere