Ampulifaya ya Bambo Yakana Kuyaka

12 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tiliko, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo nkhani iyi pa foni imandikanika.

Ampulifaya ya mavavu ija, yokuzira mawu, imene Bambo anayamba kupanga atatseka shopu yawo yokonzera mawailesi, anaimaliza. Tsiku loiyatsa koyamba anavala malaya oyera ngati akuyembekezera alendo. Anandichotsa pa makina anga osokera kuti ndiziwawerengera mita yoyezera magetsi, poti manambala sakuwaonanso bwino. Ine wa singano ndi ulusi, magetsi ndiwadziwira kuti?

Atayatsa, mavavu aja onga mababu anafiira bwinobwino, iwo n'kumwetulira. Kenako anakhudzitsa waya wa mita pa mwendo wa vavu yoyamba.

"Ikuti bwanji?"

"Ikuti 40, Bambo."

"Ukunama iwe. Pamenepa pamayenera kupitirira 200."

Anayeza pena, mita n'kuonetsa zopitirira muyeso. Poyamba anati mitayo ndi yakufa, kenako anati akufa ndi maso anga. Tili mkati mokangana, kapasita imodzi inatupa n'kuphulika, utsi kuti tolo m'chipinda monse. Anali atailumikiza chotembenuza. Achimwene, Bambo omwe aja ankakukokani khutu chifukwa cha cholakwa chomwechi! Mawa lake anaikapo ina, n'kuilumikizanso chimodzimodzi.

Chimene chinandiswa mtima chinabwera pambuyo. Anazimitsa, n'kulowetsa manja onse awiri m'kati osayamba atsitsa moto umene umatsalira m'makapasita. Munthu amene anatilera ndi lamulo lakuti pa magetsi dzanja limodzi lizikhala m'thumba. Shoko inawaponyera pa kabati yazitsulo, chala chawo chapakati n'kupsa mpaka kuyera. Atadzuka anandiyang'ana mwaukali n'kufunsa kuti ndani wayatsa ampulifaya yawo osawapempha.

Ndinawatengera kuchipatala chifukwa cha chalacho, koma adokotala anacheza nawo nthawi yaitali kuposa imene anathera pa bala. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti Bambo ayamba matenda oiwala, ndipo kuiwala kwa mtundu uwu sikubwerera m'mbuyo.

Titafika kunyumba ndinawachonderera kuti aisiye. Anandiyankha kuti, "Ukandilanda imeneyi, ukagule ndi bokosi langa lomwe." Mukuwadziwa Bambo, akatero atero. Komanso ndi ampulifayayi yokha imene imawadzutsa pabedi.

Tsono atapita kukasamba ndinachotsa fyuzi n'kuibisa m'kachitini kanga ka mabatani. Kunena zoona, ndinkayembekezera kuti aitulukira nthawi yomweyo, andikalipire mpaka anansi amve. Ndikanasangalala bwanji! Ngakhale ine telala ndikudziwa kuti chinthu chikakana kuyaka, umayambira pa fyuzi.

Mpaka lero sanayang'anepo.

M'mawa uliwonse amandiitana, ine n'kugwira mita.

"Ikuti bwanji?"

"Ziro, Bambo."

Amapukusa mutu, amamasula waya amene anawotcherera dzulo, n'kumuwotchereranso pomwepo. Amayeza thiransifoma, amapukuta miyendo ya mavavu, amatukwana amene anawagulitsa. Pofika madzulo amasonkhanitsa zipangizo mwaudongo n'kunena kuti, "Mawa ilira." Ine ndimavomera, kenako ndimapita kukalirira kubafa kuti asandimve.

Achimwene, ndatopa kunama ndekha. Ndikaibwezera fyuziyo ndiwapha, ndikapitiriza kuibisa ndikuseweretsa bambo anga ngati mwana. Mutu umodzi susenza denga. Ndikudziwa ntchito imakupanani, koma pemphani tchuthi mubwere, ndipo musadikire kutha kwa chaka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Bambo nawo akupereka moni. Nditawauza kuti ndikukulemberani anasangalala, n'kuti, "Umuuze abwere ndi vavu yatsopano, vuto lili pamenepo." Kenako anafunsa ngati mwayamba kumera ndevu. Mubwere nayo vavuyo, ngakhale yakutha, ilibe kanthu. Chachikulu muwapatse m'manja akadadziwa amene akuwapatsa.

Ndine mlongo wanu wokukondani.