Ndinatsala Pang'ono Kuika Ukwati wa Gladness M'manda

Chinengundu, Chegutu

Okondedwa achimwene a Chalo,

Muli bwanji kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu ndi ana? Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno tili bwino. Ine ndiye ndanenepa moti mu kombi akufuna azindilipiritsa mipando iwiri.

Pumani, achimwene. Ukwati wa Gladness, mwana wa mlongo wathu Aida, wapulumuka. Woupulumutsa ndi ine, ngakhale woyamba kuukumbira dzenje ndi ine ndemwe.

Mnyamata wake uja, Kelvin, kwawo ndi ku Rimuka, ku Kadoma. Makolo ake anayamba kukayika, ati ife ochokera ku Malawi tilibe mudzi, tilibe mutupo (ndiwo mfunda m'Chishona), nanga mwana wawo akakwatira kwa yani? Gladness analira mpaka maso ngati tomato. Poti inu mwini mbumba muli kutali, abale anati ndikayankhule ndine.

Ine nkhawa ndinalibe. Kodi ku Gadzema alipo wa kwathu amene anaikidwa popanda mawu anga? Ndikaima pa manda, ngakhale agalu amagwetsa misozi.

Koma akazi anga, alamu anu a Alesi, poti amatsogolera amayi a mvano, anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu. Anati zoyankhula pagulu sizifanana: pali kudziwitsa anthu zimene sakuzidziwa, pali kuwakopa kuti asinthe maganizo, ndiye pali za pa mwambo, monga maliro kapena ukwati. Anati ndiyambe ndadziwa chimene chikuvuta ondimvera, ndiziwayang'ana kumaso, ndizipuma, ndipo mfundo ikatha nditseke pakamwa. Ndinawayankha kuti tambala saphunzira kulira kwa thadzi.

Tsikulo tinapita ku Kadoma. A kwa Kelvin anali atakhala pansi, akuomba m'manja mwaulemu monga amachitira Ashona. Pa nkhani ngati imeneyi munthu amayankhula ali chikhalire. Koma ine miyendo inadzuka yokha. Chipewa pachifuwa, maso kudenga, ndinayamba ndi liwu langa lija lonjenjemera, kuti tasonkhana pano ndi mitima yosweka.

Aida, pozolowera liwu limenelo, anayamba kusisima. Azakhali a Kelvin ananong'ona kufunsa kuti wamwalira ndani. Bambo a Kelvin, a Zefaniya, anayamba kufufuza ndodo yawo kuti atuluke.

Achimwene, thukuta limene linatuluka pamenepo mukanathirira munda wa fodya. Apo a Alesi anatsokomola chifuwa chimene chinamveka mpaka ku Selous. Ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja, ndinapuma, kenaka ndinawayang'ana a Zefaniya kumaso. Ndinaona kuti mkuluyo sankatinyoza ayi. Ankaopa kuti zidzukulu zawo zidzasowa poloza zikadzafunsidwa kwawo kwa mayi.

Ndinayamba ndi kuwadziwitsa, m'Chishona changa chokongola chija. Ndinati mfunda wathu ndi Phiri, agogo anachoka ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito mu mgodi. Kenaka ndinalowa zokopa. Ndinati mudzi wa munthu ndi kumene kwagona makolo ake. Ndinatchula agogo, bambo, mayi, amalume, aliyense ndi pamene anagona ku Gadzema, pakuti ambiri ndinawaperekeza ndine. Ndinati ngati akufuna kukaona kwathu tinyamuke pompano. Ndipo imvani chozizwitsa: ndinatseka pakamwa, ine Useni!

Kenaka a Zefaniya anaika ndodo pansi. Anati anthu odziwa manda awo chotere sangakhale opanda kwawo, ndipo anaomba m'manja. Anawonjeza kuti akadzamwalira ndidzayankhule ndine, koma pa ukwati tipeze wina.

Gladness akuseka tsopano, akudyanso sadza, nsima ya kuno, ngati wa mu mgodi. Usiku umenewo ndinagona ngati thumba la chimanga.

Ndiye pempho langa ndi ili: bwerani pa Khirisimasi mudzayankhule pa ukwatiwo. Ine ndikanatha, inu mukudziwa, koma a Alesi alumbira kuti ndikadzangogwira chipewa adzandikoka jekete anthu akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane. Ngati bondo likuvutabe musadandaule, kunoko timayankhula tili pansi.

Ndine mng'ono wanu,
Useni Phiri