Adona Aona Chilonda cha Amayi Komaliza

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu kumeneko ku Halale. Kuno ku Champiti tilipo, koma chilonda cha pamwendo wa amayi sichinapolebe.

Abusa achizungu aja ndi Adona awo akalamba, akubwerera kwawo. Adzanyamuka Lolemba linalo, osati likubwerali, kwatsala masiku asanu ndi anayi.

Dzulo Lachisanu Adona anabwera komaliza, nati chilondacho nditsuke ine, iwo akuyang'ana. Ndinawiritsa madzi, ndinatsuka, ndinamanga. Amayi anati, "Iwe Esinati, ukupalira chimanga kodi? Adona, mwanayu manja ake ndi khasu. Mukabwerako muzinditsuka nokha." Adona anaseka pang'ono, kenako anatuluka kukaima panja. Andisiyira nsalu zomangira zisanu ndi ziwiri ndi botolo limodzi la mankhwala. Ndayeza ndi supuni, atifikitsa masabata asanu ndi limodzi basi.

Amayi akuti azunguwa anapitako kawiri n'kubwera, ndiye abweranso. Koma ine ndafika kumishoni. Njinga apereka kwa mlaliki, galu apatsa wophika, m'nyumba mwatsala mabokosi okha. Sindinalire. Ndinangobwerera, n'kukatunga madzi.

Mukapeza mankhwala a zilonda kumeneko, tumizani Khirisimasi isanafike. Chinanso, amayi sindinawauze kuti Adona sabweranso, pakamwa pandilemera. Inu ndinu wamkulu, lembani mawuwo m'kalata, ine ndidzangowawerengera.

Ambuye akusungeni pa ntchito yanuyo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati