Mphuno Pakati pa Maso

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo mutu wanga wazungulila tsiku lonse.

Tiwonge, mdzukulu wanga wa ku yunivesite, wabwela ndi nkhani. Akumuitana ku South America kukaphunzila zigaza za nyama zakale za ziboda, zimene zinasanduka miyala. Atate ake, mwana wanga Yotamu, akana. Akuti, "Sukulu yonseyi, ukatole mafupa ngati fisi?" Onse awili akuti ine ndiweluze mawa.

Tiwonge wandionetsa chigaza chimodzi pa foni. Ine mitu ya ng'ombe ndasenda yambili pa malilo, koma chotele sindinachionepo. N'chachitali ngati cha bulu, koma bowo la mphuno lili pamwamba, pakati pa maso.

Ndati, "Iwe, mvula ikagwa, madzi sanali kulowa m'menemu?"

Waseka. "Asekulu, ena akuti inali ndi kachitamba, ena akukana. Palibe amene anaiona yamoyo."

"Nanga zidzukulu zake zili kuti?"

"Mtundu wonse unatha."

Apa ndiye ndasokonezeka. Milandu ya pabanja ndimaithetsa ndi nthano, ndipo nyama iliyonse ndili nayo nthano ndi nyimbo yake, ngakhale nungu. Koma iyi ilibe woiimbila. Yotamu sakulakwa, kumeneko ndi kutali, mwina pobwela mwanayu sadzandipeza. Komabe madzulo ndadzimva ndikung'ung'udza kanyimbo ka nyamayo, mawu ake osabwela. Ndikamuletsa Tiwonge, adzandibweletsela ndani mawuwo? Koma nkhope ya Yotamu mawa, kaya...